Makalata a omvera: nyimbo ya Simon ndi Garfunkel ija inatsala pang'ono kufa

Kalata yoyamba lero yachokera ku Zomba kwa bambo ena amene apempha kuti tisawatchule dzina. Akuti: "Achimwene, Loweruka lija munaika The Sound of Silence ya Simon ndi Garfunkel, koma mwana wanga akukana, akuti nyimboyi ndi ya gulu la Disturbed, amaionera pa YouTube. Tatiuzeni mwini wake ndi ndani."

Zikomo bambo. Mwana wanuyo sakunama, Disturbed anaimbadi mu 2015 koma anangobwereka. Anaipeka ndi Paul Simon wa ku New York, nkumaimba ndi Art Garfunkel, mnzake wa kusukulu kuyambira ali ana.

Nde pali chemwali athu ali ku Johannesburg, alemba pa WhatsApp: "Ine ndamvapo ziwiri, ina ya gitala basi, ina ili ndi ng'oma. Yeniyeni ndi iti?"

Eee chemwali, funso ili ndalikonda kwambiri. Zonse ziwiri ndi zenizeni ndipo mawu a anyamatawo ndi omwewo, sanaimbenso kachiwiri ayi. Anajambula mu March 1964 ku Columbia Records, zoimbira wamba zopanda magetsi ndi mawu awiri basi, chimbale chake Wednesday Morning, 3 A.M. chinatuluka mu October chaka chomwecho koma sichinagulidwe, zinawavuta mpaka anapatukana, Simon anapita ku England kumakaimba m'timakalabu ting'onoting'ono, Garfunkel nkubwerera kusukulu ku Columbia University. Nyimbo inagona. Koma mu 1965 mawailesi ena a ku Boston ndi ku Florida anayamba kumaiika ndipo ophunzira anaikonda, nde Tom Wilson, pulodyusa amene ankagwiranso ntchito ndi Bob Dylan, anaitana oimba ena mu situdiyo mu June 1965 nkuwonjezera magitala a magetsi, besi ndi ng'oma pamwamba pa tepi yakale ija, eni ake osawauza nkomwe. Pofika 1 January 1966 inali nambala 1 pa Billboard, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, anyamata aja nkubwererana. Ine zimandikhudza zedi kuti anaidzutsa ndi anzathu a pa wailesi, anthu ongoika nyimbo ngati ifeyo. Kuti a Wilson sanapemphe chilolezo, pamenepo sindingawayamikire, koma khutu anali nalo.

Kenako inalowa mu filimu ya The Graduate mu 1967, ndipo awiriwa ngakhale anasiyana mu 1970, anakaimbanso limodzi ku Central Park pa 19 September 1981, anthu pafupifupi 500,000. Simon anaimbanso yekha ku New York mu 2011 pokumbukira zaka 10 chichitikireni chiwembu cha zigawenga chija cha pa September 11.

Yomaliza ndi ya agogo ena a ku Mbare mu Harare, kwawo kwenikweni akuti ndi ku Dedza: "Mwana wanga, Paul Simon ameneyu ndi yemwe uja anabwera kuno ndi Ladysmith Black Mambazo?"

Ndi yemweyo agogo! Chimbale chake cha Graceland chinatuluka mu 1986, nde mu 1987 anadzaimba pa Rufaro Stadium pompo kwanu ku Mbare limodzi ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela. Ngati munalipo tsiku limenelo chonde tilembereninso mutiuze mmene zinalili, omvera ambiri angakonde kumva.

Pano tiika ya 1964 ija kaye, kenako ya ng'oma, inu mutiuze pa SMS yomwe yakukomerani.