Mukamalemba za munthu wopenga ndi chikondi, tsatirani ndalama zake

Eya anzanga olemba, ndati nditumize mawu chifukwa izi pozitaipa zitalika. Nkhani ndi ya kalembedwe ka novelo ya chikondi chopenga nacho ndi ndalama. Chonde musamalembe zoti ankamukonda kwambiri mpaka tulo osabwera, owerenga zimenezo sizimawagwira. Tengani pepala lapadera mulembepo ndalama za mwininkhani wanuyo, akuzipeza kuti, akuzimwaza pa chani, wakongola kwa ndani, wapereka chani ngati chikole. Misala yakeyo ionekera pamenepo.

Taonani mmene anachitira F. Scott Fitzgerald mu The Great Gatsby ya 1925. Gatsby anakula wosauka, Daisy, mkazi amene ankamukonda, anakwatiwa ndi Tom Buchanan wa chuma chamakolo, ndiye Gatsby uja kukalemera ndi mowa wozembetsa nthawi imene mowa unali woletsedwa ku America, kugula chinyumba ku West Egg chopenyana ndi kwa Daisy kutsidya kwa madzi, nkumachititsa maphwando anthu oti sakuwadziwa nkomwe kumangodzadza, zonsezo kufuna kuti mwina tsiku lina mkazi mmodzi yekhayo atulukire. Mwaona eti? Wowerenga akuwerengera yekha kuti munthuyu wawononga zingati, sakufunikanso kuuzidwa kuti wapenga.

Ndiye musankhiretu kuti ndalamazo ntchito yake ndi yotani, kukopa kapena kulanga. Mu Wuthering Heights ya Emily Brontë, ya 1847, Heathcliff anamva Catherine, mtsikana amene ankamukonda, akunena kuti kukwatiwa naye nkudzitsitsa, anasowa zaka 3, pobwera ali ndi ndalama, nkulanda nyumba ya Hindley, mchimwene wake wa Catherine, kudzera mu ngongole za juga. Chikondi chomwecho koma chasanduka kubwezera. Brontë sananene kumene ndalamazo zinachokera ndipo zinamuyendera, koma inu papepala lija mudziwe, ngakhale mbukumo musanene.

Pano mvetsetsani, ine ndimapaona kuti ndi pofunika kwambiri. Wokondedwayo asakhale chidole. Mpatseni zofuna zake, mantha ake, alakwitse, asankhe zinthu zoti wopenga uja sakuziyembekezera, chifukwa munthu wotere sakonda munthu weniweniyo ayi, amakonda amene anamuumba mmutu mwake. Lembani ndime imodzi awiriwa ali limodzi, wina akuyankhula za lero mnzake akungokamba zakale, wowerenga aone kuti sakumvana. Komanso kumulondalonda munthu, kumulipirira zinthu asanapemphe kenako nkumamukumbutsa, musazikometse ngati chikondi chabwino, tionetseni mmene wolandirayo akubanikira, mmene akuvutikira kunena kuti ayi kwa munthu amene wamulipirira zonse.

Poyamba kulemba musayambire pa mutu woyamba. Yambani ndi tsiku limene ndalama zamuthera, kapena tsiku limene zakwana zonse koma wokondedwayo wakanabe, mulembe zimene achite usiku umenewo, achoka kapena aumirira. Mukamaliza mutu umenewo ndiye mubwerere kumayambiriro.