Omanga mapiramidi anasiya mayina awo pamiyala

Zikomo amfumu, zikomo apampando a komiti ya sukulu, makolo nonse, ndi inu ana mwakhala kumbuyoko. Amayi muli padzuwa apo, sunthirani kuno kumthunzi, malo alipo.

Chandiimika pano ndi kavidiyo kaja. Ambiri mwakaona, kanafika pagulu lathu la WhatsApp masabata awiri apitawa. Kakuti pansi pa mapiramidi a ku Egypt apezako mzinda waukulu, kenaka kakuti mapiramidiwo sanamange ndi anthu, anamanga ndi zolengedwa zochokera kunyenyezi, zimene anawa akuti ma alien. Ndikanangokhala chete, koma sabata yatha mwana wa Fomu 2, mwana wanzeru ndithu, analemba zomwezo pamayeso. Nditamufunsa anati, "Abambo ndiwo anandionetsa pafoni." Tsiku lomwelo agogo ena anandipeza kunyumba ali ndi nkhawa, akufunsa ngati chimenechi ndi chizindikiro chakuti dziko likutha. Ndiye ndinati bola ndilankhule ndi eni mafoniwo. Mawu anga lero ndi amodzi, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nawo: musanatumize kanthu, funsani kuti umboni uli kuti.

Za mzinda wapansiwo zinayamba mu March 2025. Anthu ena a ku Italy analengeza kuti makina a m'mlengalenga awaonetsa zipilala zotsika mamita mazanamazana pansi pa piramidi ya mfumu Khafre. Palibe anakumba. Palibe anagwira chipilala ndi dzanja. Akatswiri a makina amenewo anati sangaone mozama chotero m'thanthwe, ndipo Zahi Hawass, katswiri wa ku Egypt wofukula zinthu zakale amene wakumba malo amenewa zaka zambiri, anakana. Zithunzi zowala zija munaziona n'zojambula pakompyuta. Ngakhale anthu otchuka amagwa m'mbuna yomweyi. Mu 2020 Elon Musk analemba pa Twitter kuti mapiramidi anamanga ndi ma alien, nduna ya ku Egypt, mayi Rania al-Mashat, n'kumuitana kuti abwere adzaone manda a omangawo. Manda alipo, abale, anthu amakawaona.

Tiyambe ndi chinthucho. Piramidi yaikulu ya ku Giza ndi manda a mfumu Khufu, yamangidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo. Inali yotalika mamita 146. Miyala yake ilipo ngati 2.3 miliyoni, umodzi kulemera matani awiri ndi theka, ndiye kuti matumba 50 a chimanga mwala umodzi. Ukamva zimenezi mutu umaima, n'zoona. Apa ndi pamene wa kavidiyo amakugwirira, amati munthu wopanda thirakitala sangathe. Koma iye sakuuzani zimene zafukulidwa pansi pomwepo.

Mu 1990 hatchi inapunthwa pakhoma la njerwa zadothi kumwera kwa mapiramidi. Atakumba anapeza manda a antchito, ena olembedwa mayina ndi maudindo awo. Mafupa awo amalankhula: misana yoperepeseka ndi katundu, mikono yothyoka koma yolumikizidwa bwino n'kupola, kusonyeza kuti panali asing'anga owasamalira. Chapafupi, katswiri wina wa ku America, Mark Lehner, anafukula mudzi wonse wa antchito, muli mophikira buledi, mbiya zake, minga za nsomba, mafupa a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi osawerengeka. Ankamwanso mowa wamasese. Magulu awo anali ndi mayina, monga amachitira anyamata athu ampira, ndipo ankawalemba pamiyala ndi utoto wofiira. Gulu lina linali "Abwenzi a Khufu," lina "Zidakwa za Menkaure," Menkaureyo ndi mfumu inanso. Musaseke kwambiri abambo kumbuyoko, ndikukuonani. Akatswiri amati ogwira ntchito nthawi imodzi anali pakati pa 20,000 ndi 30,000, ndipo ntchitoyo inatenga zaka ngati 20.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi. Mu 2013, pamalo otchedwa Wadi al-Jarf m'mbali mwa Nyanja Yofiira, Mfalansa wina dzina lake Pierre Tallet anapeza mapepala a gumbwa, gumbwa yemweyu amamera m'madambo athuwa. Anali kaundula wa kapitawo wina, dzina lake Merer, amene ankayang'anira anthu pafupifupi 40. Munthuyu ankalemba tsiku ndi tsiku: lero tapakira miyala ku Tura, lero tayenda pamadzi, lero tagona pakuti, lero tafika ku Giza. Miyala yoyera yokutira piramidi ankaiwolotsa mtsinje wa Nile pangalawa, maulendo awiri kapena atatu pamasiku 10. Anatchulanso bwana wake, Ankhhaf, m'bale wake wa mfumu. Inu amene munagwirapo ntchito zamsewu mukudziwa buku la kapitawo. Ndi limeneli. Ndiye wina akamati sitidziwa amene anamanga, muzimufunsa kuti, nanga Merer?

Ankanyamula bwanji? Pachileyi, chonga chimene timakokera ndi ng'ombe, koma iwo ankakoka ndi zingwe, anthu ambirimbiri. M'manda a mkulu wina, Djehutihotep, muli chithunzi cha anthu akukoka chifanizo chachikulu, munthu mmodzi ataima kutsogolo kwa chileyi akuthira madzi pamchenga. Mu 2014 a payunivesite ya Amsterdam anayesa, napeza kuti mchenga ukanyowa pang'ono mphamvu yokokera imatsika ndi theka. Aliyense amene anakankhapo njinga ya makala pamchenga wouma, kenaka n'kuikankha mvula itawaza, akudziwa zimenezi popanda yunivesite.

Ndipo sanayambire pamwamba. Anayamba ndi piramidi yamasitepe ya mfumu Djoser ku Saqqara. Kenaka Sneferu, bambo wake wa Khufu, anamanga ina ku Dahshur, koma anaiimika chilili kwambiri, itafika pakati anaona kuti zivuta, n'kusintha kapendekedwe. Mpaka lero ili yopindika. Ku Aswan kuli chipilala chamwala chimene chinang'aluka akuchisema, anangochisiya chigonere, miyala yogogodera ili pambali pake. Ameneyo ndi munthu, amalakwitsa, amaphunzira, mawa amakonza. Musanatumize, funsani umboni.

(Mkulu wa mpingo wina akweza dzanja: "Aphunzitsi, pepani ndikudulani. Ife timamva kuti anamanga ndi ana a Israele ali mu ukapolo ku Aigupto. Enanso amati ndi nkhokwe za Yosefe. Nanga pamenepo mukuti bwanji?")

Zikomo bambo mkulu wa mpingo, mwafunsa bwino, ndipo ndikudziwa ambiri pano analinso nalo funsoli. Ine ndine Mkhristu ngati inu, tiyeni tilitsegule Baibulo lomwelo. Pa Eksodo 1:11 pakuti ana a Israele anamangira Farao midzi yosungiramo zinthu, Pitomu ndi Ramesesi. Midzi. Ndipo chaputala 5 chikunena za kuumba njerwa ndi udzu, paja Farao anawauza kuti adzifunire okha udzu koma chiwerengero cha njerwa chisatsike. Njerwa zadothi, bambo. Mapiramidi a ku Giza ndi amiyala. Baibulo silinena paliponse kuti ana a Israele anamanga mapiramidi. Ndiye za zaka. Kaya muwerenge motani nthawi ya Mose, mapiramidi a ku Giza anali ataima kale zaka zoposa 1,000. Mose ali mwana anali kale zinthu zamakedzana. Komanso taganizani, kapolo wozunzidwa angamuike m'manda aulemu pafupi ndi mfumu, ndi mbiya za mowa ndi buledi zoti akadye kutsogoloko? Sindikunena kuti inali ntchito yokoma ayi. Mfumu ikaitana sunkakana, zinali ngati thangata, ndipo misana ija yatiuza kale kuti ankavutika. Koma anali eni dziko, alimi ndi amisiri a ku Egypt komweko.

Za nkhokwe za Yosefe ndi nkhani yakale kwambiri, alendo a ku Ulaya ankainena zaka mazana apitawo, ndipo mu 2015 wandale wa ku America, Ben Carson, anaibwerezanso. Koma amayi, inu ndinu eni nkhokwe. Nkhokwe imafuna chiyani? Imafuna mphako, malo othira chimanga. Piramidi ya Khufu ndi mwala wokhawokha, mkati muli zipinda zazikulu zitatu basi ndi tinjira topanikiza toti uyende chowerama. Ndani angamange phiri zaka 20 kuti asungemo chakudya m'zipinda zitatu, njala ikubwera pakatha zaka 7? Pa Genesis 41 pakuti Yosefe anasunga chakudya m'midzi, mudzi uliwonse chakudya cha m'minda yozungulira. Nkhokwe zenizeni za ku Egypt zafukulidwa, zozungulira, zadothi, zosasiyana kwenikweni ndi zathuzi. Choncho bambo, chikhulupiriro chathu sichikugwedezeka, tangochotsa zimene anthu anaonjezera okha. Mwakhutira? Zikomo. Tikambiranabe tikamatuluka.

Mwina wina akuti, aphunzitsi mukuvutikiranji, si nkhani yongocheza? Ndikuuzeni chimene chimandiwawa. Egypt ali mu Africa muno. Ndipo matenda okana kuti anthu a kuno angamange chinthu chachikulu tinawaona pafupi pompa. Mu 1871 Mjeremani wina, Carl Mauch, atafika pa Great Zimbabwe anati nyumba zamiyala zija n'za Mfumukazi ya ku Seba. Mu 1905 David Randall-MacIver anakumba nati anamanga ndi anthu akuda a komweko. Mu 1929 mayi Gertrude Caton-Thompson anakumbanso napeza zomwezo. Koma boma la azungu la Rhodesia silinafune kumva, mpaka katswiri wina, Peter Garlake, anachoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa chokana kunama. Kale ankati anamanga ndi alendo akutali, lero akuti ndi akunyenyezi. Nyimbo ndi yomweyo, angosintha ng'oma. Ndiye ife eniake tizigula bandulo ndi ndalama ya ndiwo kuti tiwathandize kufalitsa? Zimandichititsa manyazi, makolo. Ku Sudan kuli mapiramidi ochuluka kuposa ku Egypt, koma mwa ana athuwa ndani anamvapo za Meroe, komwe kuli ambiri mwa mapiramidi amenewo?

Munali kachithunzi kena m'kavidiyomo, kooneka ngati helikopita pakhoma la kachisi ku Abydos. Pamenepo panalembedwa mayina aulemu a mfumu Seti I, mwana wake Ramesses II atalowa ufumu anamata pulasitala n'kulembapo ake. Pulasitala atagwa, zolemba ziwirizo zinasakanikirana. Zili ngati sitolo ya pamsika yomwe yasintha eni, penti ikasupuka mayina awiri amaonekera pamodzi. Za tsoka la mfumu Tutankhamun nazonso, akuti onse otsegula manda ake anafa. Lord Carnarvon, amene ankalipira ntchito yokumbayo, anafadi mu 1923, chilonda cholumidwa ndi udzudzu chitalowa matenda, koma Howard Carter, amene anawapeza mandawo mu 1922, anakhala mpaka 1939.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, mbuzi zikudikira, ndifulumire. Kavidiyo kakafika, onani kaye amene akulankhula, ali ndi dzina, amagwira kuti. Funsani ngati wakumba ndi kugwira chinthucho kapena wangojambula. Mukamva mawu akuti "akukubisirani" kapena "tumizani asanakafufute," ikani foni pansi. Zikakusokonezani bwerani nazo kusukulu, aphunzitsi alipo, sitilipiritsa. Ndipo musamuonetse mwana chinthu chimene inuyo simunafunse umboni wake, chifukwa mwana amakhulupirira bambo ake kuposa buku. Musanatumize, funsani. Mwamva kumbuyoko?

Agogo aja munabwera kunyumba, gonani tulo, pansi pa piramidi sanapezepo mzinda, mbewu zanu bzalani. Mwana uja ndamupatsa mwayi alembenso Lachisanu. Amene muli ndi kavidiyoko pagulu la makolo, kafufuteni lero lomwe, ndipo alembi a gulu muonetsetse. Apampando, ndabweza kwa inu, paja pali nkhani ya njerwa za chimbudzi cha atsikana.