Dzira silituluka pa tsiku la 14 kwa mayi aliyense

Takulandirani amayi ndi abambo a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Lero tikamba ndi mabanja amene akufuna mwana, akuwerengetsera masiku mwezi ndi mwezi, koma pathupi osaoneka.



Ambiri anamva kuti dzira limatuluka pa tsiku la 14. Zimenezo zimagwira kwa mayi amene amatha masiku 28 kuchokera tsiku loyamba kusamba kufika poyambanso. Dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 msambo wotsatira usanayambe. Ndiye ngati inu mumatha masiku 35, lanu limatuluka cha pa tsiku la 21. Ngati ndi 24, cha pa tsiku la 10. Ma app a pafoni amangoyerekeza kuchokera pa miyezi yam'mbuyo, m'thupi mwanu saonamo.

Dzira likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 basi, pomwe umuna umatha kudikira m'thupi la mayi mpaka masiku 5. Mukadikira kuti dzira lituluke kaye, mukhoza kuchedwa.

Chizindikiro chosalira ndalama ndi chikazi. Masiku otengera pathupi akamayandikira chimakhala choyera, choterera, chonanda ngati choyera cha dzira laiwisi. Onani tsiku lililonse pa tishu musanakodze, n'kulemba. Zimene zimasokoneza chizindikirochi ndi umuna wotsalira usiku wapita, komanso matenda. Chikazi chonunkha, chachikasu kapena choyabwa, chimene ambiri amangoti mauka, chimafunika kuchipatala.

Tizipangizo toyezera LH mumkodzo (LH ndi homoni imene imachuluka dzira likatsala pang'ono kutuluka) timapezeka m'mafamase ena. Apa ambiri amaphonya: si ngati koyezera mimba ayi. Mzere wachiwiri wofuwira sutanthauza kanthu, uyenera kuda mofanana ndi woyamba kapena kuposa. Ukatero, dzira lituluka m'maola 24 mpaka 36. Musamwe madzi ambiri maola awiri musanayeze.

Za kuyeza kutentha kwa thupi m'mawa uliwonse sitikulimbikitsani kwenikweni. Kumakwera pang'ono zedi, madigiri 0.2 mpaka 0.5, dzira litatuluka kale. Malungo okha, kapena kudzuka nthawi zosiyanasiyana polawirira ku esiteti, zimasokoneza zonse.

Ngati munali pa jekeseni yolera ya Depo kapena Sayana Press, dzira limatha kuchedwa kubwerera miyezi 10, ena kupitirira chaka, kuchokera pa jekeseni yomaliza. Si uchumba umenewo. Kuyamwitsa nako kumachedwetsa.

Kwa amene bambo ali pakhomo, njira yosavuta ndi kukhala malo amodzi masiku awiri kapena atatu alionse, osavutika ndi kalendala. Ngati bambo amagwira ntchito ku Limbe kapena ku Joni, abwere masiku achikazi choterera asanafike, osati atadutsa.

Chaka chikatha pathupi osaoneka, kapena miyezi 6 ngati mayi ali ndi zaka 35 kupita m'tsogolo, pitani ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje Mission. Ngati msambo umadumpha miyezi, musadikire chaka. Mupite nonse awiri, chifukwa umuna wa bambo nawonso umafunika kuyezedwa.