Ola lathunthu ndi mlembi mmodzi: mmene mabuku a nkhondo amakambidwira pa TV ku America

[Pa kanema: mipando iwiri yoyang'anizana, buku limodzi lili m'manja mwa wofunsa]

Moni nonse amene mukuonera. Ku America kuli wailesi ya kanema yotchedwa C-SPAN. Kwa zaka zoposa 15, Lamlungu lililonse usiku, wailesiyi inkachita chinthu chimene eni mawailesi ambiri angati n'kuwononga nthawi. Inkakhazika pansi anthu awiri, wofunsa ndi mlembi, n'kuwasiya akambirane za buku limodzi kwa ola lathunthu, osadukiza n'komwe kuti atsatse malonda. Pulogalamuyo dzina lake linali Booknotes, ndipo mwa mabuku amene ankakambidwa, ambiri anali a mbiri yakale, a ndale ndi a nkhondo. Ine ndimaona kuti munthu wokonda mabuku otere ayenera kuidziwa pulogalamu imeneyi pamodzi ndi mapulogalamu ena amene anabadwa kuchokera mwa iyo. Ayeneranso kudziwa pamene mapulogalamuwa angamusokeretse.

C-SPAN inayamba kuulutsa mu Malichi 1979. Ntchito yake yoyamba inali kuonetsa zokambirana za aphungu m'Nyumba ya Malamulo ku Washington monga mmene zikuchitikira, popanda wothirira ndemanga. Ndalama zoyendetsera wailesiyi sizichokera ku boma, zimachokera ku makampani amene amagulitsa matchanelo a TV m'makomo. Anaiyambitsa ndi Brian Lamb, wa ku Lafayette m'chigawo cha Indiana. Ali mnyamata, Lamb anali msilikali wa pamadzi, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam anagwirapo ntchito mu ofesi yolankhula ndi atolankhani ku Pentagon, likulu la asilikali a America. Anaona yekha mmene nkhani ya nkhondo imadulidwira isanafike kwa anthu wamba.

N'zosadabwitsa choncho kuti mapulogalamu a mabukuwa anayambira pa buku la nkhondo yomweyo.

[Pa kanema: mapu a dziko la Vietnam, chigawo cha Mekong]

Mu 1988 munatuluka buku la Neil Sheehan lotchedwa A Bright Shining Lie. Sheehan anali mtolankhani wachinyamata ku Vietnam kuyambira mu 1962. Pa 2 Januwale 1963 kunachitika nkhondo pamudzi wa Ap Bac, m'chigawo cha mtsinje wa Mekong. Asilikali a boma la South Vietnam anali ambiri, anali ndi mahelikoputa ndi magalimoto achitsulo ochokera ku America, koma zigawenga zochepa za Viet Cong zinawagonjetsa n'kugwetsa mahelikoputa asanu. Mkulu wa asilikali a America m'dzikomo, Paul Harkins, ananena kuti mbali yawo yapambana. Mlangizi wa asilikali wochokera ku America amene analipo pamalopo, John Paul Vann, anauza atolankhani zosiyana, kuti zinthu zavuta ndipo akuluakulu sakufuna kumva. Vann anafa mu Juni 1972 helikoputa yake itagwa pafupi ndi mzinda wa Kontum ku Vietnam komweko. Sheehan anapita ku maliro ake ku manda a asilikali a Arlington, ndipo kuchokera pamenepo anatha zaka 16 akulemba mbiri ya munthu ameneyu, imene inasanduka mbiri ya nkhondo yonse. Bukulo linalandira mphoto ya Pulitzer mu 1989.

Tangoganizani, munthu wavutika zaka 16, ndiye apite pa TV akapatsidwe mphindi zinayi kapena zisanu pakati pa nkhani za nyengo ndi za masewera. Lamb anakana zimenezo. Anamuitana Sheehan n'kucheza naye m'zigawo zisanu za theka la ola, ndipo oonera anazilandira bwino kwambiri moti chaka chotsatira, mu Epulo 1989, Booknotes inayamba. Mlendo woyamba anali Zbigniew Brzezinski, yemwe anali mlangizi wa zachitetezo wa Pulezidenti Jimmy Carter. Pulogalamuyi inatha mu Disembala 2004, itacheza ndi alembi pafupifupi 800.

Malamulo ake anali ochepa. Buku likhale la nkhani zenizeni, osati zopeka. Mlembi abwere kamodzi kokha, kaya atchuke chotani. Ndipo Lamb ankaliwerenga yekha bukulo asanakumane ndi mwini wake, n'kulembalemba m'mphepete mwa masamba. Mabuku akewo pano amasungidwa ku yunivesite ya George Mason ku Virginia.

Chimene chinatchukitsa Lamb ndi mafunso ake. Anali afupiafupi, ena ooneka ngati a mwana wa sukulu. Kodi munthu ameneyu anali ndani? Mawu awa akutanthauza chiyani? Mumalembera kuti? Makolo anu ankagwira ntchito yanji? N'chifukwa chiyani mwalemba bukuli? Sankanena maganizo ake, sankadzionetsa kuti naye ndi wodziwa, ngakhale kuti bukulo anali ataliwerenga lonse. Ankafunsa m'malo mwa munthu wa kunyumba uja amene akuchita manyazi kuti afunse. Paja safunsa adadya phula. Akafunsa ankakhala chete, monga mfumu yabwino pabwalo imene imasiya mboni kuti ifotokoze mpaka mawu amuthere, osaidula pakamwa.

Pa mabuku a nkhondo, kafunsidwe kameneka kali ndi phindu lapadera, ndipo apa mundilole ndichedwepo. Nkhondo ndi nkhani imene aliyense amene anali nayo pafupi ali ndi chifukwa choikhotetsera. Mkulu wa asilikali amalemba lipoti lodziteteza. Boma limabisa zikalata kwa zaka makumi angapo. Msilikali wamba anaona dzenje lake lokha ndi anzake asanu, ndipo pofotokoza patapita zaka 50 amasakaniza zimene anaona ndi zimene anamva. Amene anafa sanena kanthu. Buku likamalizidwa, zonsezi zimakhala zasalazidwa, nkhani ikuyenda bwinobwino ngati kuti panalibe pokayikitsa. Koma mlembi akakhala pa mpando kwa ola lathunthu, nkhani zimene anakonzekera zimamuthera msanga, ndiye amayamba kunena za mmene anagwirira ntchito: anapita ku nkhokwe ya zikalata iti, anacheza ndi asilikali akale angati, ndani anakana kulankhula naye, ndi pati pamene mboni ziwiri zinatsutsana iye n'kusankha imodzi. Pamenepa ndi pamene inu oonera mumadziwira ngati bukulo lili ndi maziko.

Taonani chitsanzo cha Iris Chang, amene anabwera pa Booknotes kumayambiriro kwa 1998. Buku lake linafotokoza zimene asilikali a Japan anachita atalanda mzinda wa Nanjing ku China mu Disembala 1937: kupha anthu wamba ndi akaidi, ndi kugwirira amayi ambirimbiri. Pofufuza, Chang analondola banja la John Rabe, Mjeremani wa chipani cha Nazi amene anatsogolera dera lobisalamo anthu mumzindamo, ndipo buku limene Rabe ankalembamo zochitika tsiku ndi tsiku linaonetsedwa poyera mu 1996. Akatswiri ena anapeza zolakwika m'buku la Chang, ndipo chiwerengero cha amene anaphedwa amatsutsanabe mpaka lero. Koma umboni wa Rabe, munthu amene dziko lake linali paubwenzi ndi Japan, suli wapafupi kuukana. Munthu amene wamva mmene chikalata chotere chinapezekera amawerenga bukulo akudziwa pamene pali polimba ndi pamene pali pofooka.

Panabweranso anthu amene anayendetsa nkhondo okha. Robert McNamara, nduna ya zachitetezo ya America mu ulamuliro wa mapulezidenti Kennedy ndi Johnson, anabwera mu 1995 ndi buku limene anavomerezamo kuti pa nkhani ya Vietnam iye ndi anzake analakwa kwambiri. Asilikali ambiri akale anakwiya, akufunsa kuti bwanji sananene zimenezo anyamata akufa. Atsogoleri akale a mayiko, Richard Nixon wa America, Margaret Thatcher wa Britain ndi Mikhail Gorbachev wa Soviet Union, nawonso anakhalapo pa mpando womwewo.

Mu Sepitembala 1998 C-SPAN inakulitsa ntchitoyi n'kuyambitsa Book TV pa tchanelo chake chachiwiri, C-SPAN2: maola 48 kumapeto kwa sabata iliyonse, mabuku a nkhani zenizeni okhaokha. Kamera zinkapita m'masitolo a mabuku, m'malaibulale, m'mayunivesite ndi ku zionetsero za mabuku, n'kujambula mlembi akulankhula ndi kuyankha mafunso a anthu. Kenako kunabwera In Depth, kumene mlembi mmodzi ankakhala maola atatu akuyankha oimba foni, ndi After Words mu 2005, kumene wofunsa amakhala munthu wodziwa nkhaniyo, nthawi zina wotsutsana ndi mlembi. Mu 2011 anawonjezera American History TV. Ku Chicago nako laibulale ya zausilikali ya Pritzker, imene inatsegulidwa mu 2003, inakhala ikujambula zokambirana ndi alembi a mabuku a nkhondo n'kumaziulutsa pa TV ya mumzindamo.

[Pa kanema: chithunzi cha gombe la Normandy, 1944]

Tsopano chenjezo lija. TV imakonda munthu wodziwa kulankhula, ndipo kudziwa kulankhula si umboni. Stephen Ambrose anali katswiri pa zimenezi. Mawu ake anali a besi, nkhani za asilikali wamba a Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse ankazifotokoza mpaka womvera kulengeza misozi, ndipo anali pa Booknotes mu Juni 1994, pokumbukira kuti patha zaka 50 chichitikire nkhondo ya pa gombe la Normandy ku France. Mabuku ake anagulidwa kwambiri, ndipo anathandiza kukhazikitsa nyumba yosungirako mbiri ya nkhondoyo ku New Orleans. Koma mu 2002 zinadziwika kuti m'buku lake lina la oyendetsa ndege zankhondo anatenga ziganizo za wolemba mbiri mnzake, Thomas Childers, osaonetsa kuti ndi mawu a mwini. Anamwalira chaka chomwecho. Mu 2010 kunatuluka nkhani yolemera kuposa pamenepo. Kwa zaka zambiri Ambrose ankanena kuti anacheza kwa maola mazanamazana ndi Dwight Eisenhower, mkulu wa asilikali pa nkhondo ya ku Normandy amene pambuyo pake anakhala pulezidenti wa America. Mkulu wina wa ku laibulale ya Eisenhower ku Abilene, m'chigawo cha Kansas, atafufuza m'mabuku osonyeza amene ankakumana ndi pulezidenti wopumayo, anapeza kuti awiriwa anakumana katatu kokha, ndipo nthawi yonse pamodzi sinakwane maola asanu.

Apa ndi pamene njira ya Lamb imafookera, ndipo ndikunena izi ngakhale ndimailemekeza kwambiri. Wofunsa amene satsutsa amapatsa mlembi woona mpata wofotokoza zonse, koma amapatsanso wokokomeza mpata womwewo. Zimene zinagwira Ambrose sizinali kamera. Anali anthu amene anayika masamba a mabuku awiri pafupi n'kuwayerekeza, ndi munthu amene anatsegula mafayilo akale. Choncho mukamaonera, mverani ngati mlembi akutchula kumene anazitenga zimene akunena. Akati msilikali wina anamuuza, onani ngati akunena kuti ndi ndani ndipo zinali liti. Onaninso ngati anthu a mbali ina ya nkhondoyo, ndi anthu wamba amene nkhondo inadutsa m'minda mwawo, akumveka m'nkhani yake.

Mfundo yomalizayi ndi imene imatikhudza ife, chifukwa mapulogalamu amenewa ndi a ku America ndipo amakamba kwambiri nkhondo za Amereka: nkhondo yawo ya pachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, Normandy, Vietnam, Iraq. Nkhondo ya ku Karonga ya mu Sepitembala 1914, pa nthawi ya Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, asilikali a King's African Rifles amene mayina awo ali pa chipilala ku Zomba, amtengatenga amene anasenza katundu wa nkhondo mpaka ena kufera m'njira, simudzawamva kawirikawiri kumeneko. Komatu mabuku ake alipo. Melvin Page, wolemba mbiri wa ku America yemweko, anacheza ndi okalamba a ku Malawi amene anaona nkhondo yoyamba ija, m'zaka za m'ma 1970 akadali moyo, n'kutulutsa buku la The Chiwaya War mu 2000. Mafunso amene tatchula aja ndi omwewo ofunika kufunsa buku limeneli: anacheza ndi ndani, m'chilankhulo chanji, ndani ankamasulira, ndipo zimene agogowo ananena zikugwirizana pati ndi malipoti a atsamunda. Ndikulakalaka mawailesi athu a kanema atapatsa olemba mbiri athu ola lotere, mu Chichewa.

Kwa amene mukufuna kuonera nokha, simufunika dishi. Kuyambira mu 2010 C-SPAN inayika nkhokwe ya mavidiyo ake pa intaneti kwaulere, ndipo mapulogalamu a Booknotes ali momwemo. Lembani dzina la mlembi kapena la nkhondo imene mukufuna pamalo ofufuzira. Zonse zili m'Chingerezi, koma ambiri mwa mapulogalamuwa ali ndi mawu ake olembedwa, ndiye ngati bandulo ndi yochepa, kapena mlembi akulankhula mothamanga, mukhoza kuwerenga zokambiranazo m'malo moonera vidiyo. Yambani ndi za Neil Sheehan za mu 1988. Mukatha, tiuzeni m'munsimu buku la nkhondo kapena la mbiri yakale limene mukufuna kuti tidzalikambe pa tchanelo chino.