Oscar De Priest, phungu wakuda wa ku Chicago

Zikomo amayi ndi abambo, khalani pansi tiyambe. Lero tikambe za mkulu wina wa ku America, Oscar De Priest. Anabadwa mu 1871 ku Florence, Alabama, makolo ake anali akapolo omasulidwa. Nkhanza za azungu zitanyanya banja lawo linasamukira ku Kansas mu 1878, iyeyo atakula anapita ku Chicago nkumagwira ntchito yopenta nyumba. Eya, wopenta! Kenako anayamba geni yogula ndi kugulitsa nyumba, ndalama zinayamba kubwera.

Ndale anaziyambira pansi penipeni, kusonkhanitsa mavoti a anthu akuda a chipani cha Republican, mpaka mu 1915 anakhala khansala woyamba wakuda mumzinda wa Chicago. Koma musamuyese mngelo ayi. Mu 1917 anamuzenga mlandu woti amadya ziphuphu za anthu a juga, loya wotchuka Clarence Darrow ndi amene anamuyimira ndipo khoti linamupeza wosalakwa.

Mu 1928 phungu wa dera lawo Martin Madden atamwalira, De Priest anayima nkupambana. Tamverani izi, chichokereni phungu wakuda George White mu 1901 munyumba ya malamulo ya Congress munalibe wakuda ngakhale mmodzi. Ndiye tangoganizani, mu 1929 mayi Lou Hoover, mkazi wa pulezidenti, anayitana akazi a aphungu ku tiyi ku White House, nawonso mayi Jessie De Priest, mkazi wa Oscar, anayitanidwa. Tiyi chabe abale! Koma andale a zigawo za kummwera anakwiya zedi, nyumba zina za malamulo mpaka kuchita kukhala pansi nkudzudzula mayi Hoover.

Mu 1934 kalaliki wa De Priest, Morris Lewis, anamukaniza chakudya mu lesitilanti ya aphungu chifukwa cha khungu lake. De Priest anayenda phungu ndi phungu kupempha siginecha, anapeza 145 kuti nkhaniyo ikambidwe, nyumba ya malamulo inakhazikitsa komiti, koma komitiyo sinasinthe kanthu. Chomwe anapambana ndi cha mu 1933, pomwe anawonjezera mawu oletsa tsankho mu lamulo la Civilian Conservation Corps, pulogalamu yolemba achinyamata ntchito.

Apa ndiye pomwe ine ndimati anaphonya. Nthawi imeneyo chuma cha America chinali chitagwa, anthu a kudera kwake ku South Side ntchito zatha, lendi akulephera, njala ili m'nyumba, koma iye ankatsutsa mapulogalamu ambiri a thandizo a pulezidenti Roosevelt poti chipani chake chimatsutsa. Anthu omwe ankamuombera m'manja pa nkhani ya lesitilanti aja anamutembenukira. Pachisankho cha 1934 anagonja kwa Arthur Mitchell, wakuda mnzake koma wa chipani cha Democrat.

Anabwereranso ku khonsolo ya Chicago kuyambira 1943 mpaka 1947, ndipo anamwalira mu 1951 atagundidwa ndi basi. Amayi kumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.