Mulligan ya London, mvetserani kaye musanakangane

Eee aise, ndamva mukukanganabe za mulligan ija ya mu Magic: The Gathering, gemu ya makadi ija, ndiye imvani kaye. Mulligan ndi kubweza makadi oyamba n'kukoka ena. Lamulo lomwe tikusewera nalo pano ndi la London, linayamba 2019. Makadi 7 oyamba aja akakhala oipa mumawabweza mu deki, kushafula, n'kukokanso 7. Osati 6 ayi, 7. Kenako... dikirani, apa mpomwe anthu amasokonezeka. Kenako mumasankha khadi limodzi n'kuliika pansi pa deki. Mukachita mulligan kachiwiri mukokanso 7 yemweyo koma pansi mupititsa awiri. Kachitatu atatu, basi choncho.

Zokoka 6 kenako n'kusuzumira khadi lapamwamba zija ndi za Vancouver, za 2015, zinatha. Ya Paris yakale ija inali yowawa kwambiri, 6 basi, chilichonse chabwera ndi chomwecho.

Ndiye funso lanu lija, land imodzi m'manja (land ndi khadi lopereka mana, mphamvu yolipirira makadi ena), kusunga kapena kubweza? Ine ndimati bwezani. Tiwerenge. Deki ya makadi 60, ma land 24. Mukakoka 7, mwayi wopeza ma land 2, 3 kapena 4 ndi pafupifupi 77 pa 100. Wopeza imodzi kapena opanda n'komwe ndi 14 pa 100, ndiye kuti kamodzi pa magemu 7 zikuchitikirani, si tsoka, si kuti wina washafula molakwika ayi.

Tsopano mwasunga land imodzi ija eti. Mu deki mwatsala makadi 53, ma land ndi 23. Ngati mukuyamba ndinu, kumbukani woyamba sakoka pa turn yoyamba, ndiye pofika turn yachiwiri mwakoka khadi limodzi lokha, 23 pa 53, ndi 43 pa 100 basi. Sizikufika ndi theka lomwe. Mukakhala wachiwiri mwakoka awiri, imakwera kufika 68. Ndipo iyo ndi land yachiwiri yokha, yachitatu sitinayikambe n'komwe.

Pali mnzathu uja, sindimutchula dzina, ndinamuuza zimenezi iye akuti m'manja muli makadi abwino okhaokha sangawataye. Anakhala ma turn anayi akungotaya makadi, nkhope ili gwaa, land imodzi yomweyo pa tebulo.

Koma ayi ndibwerere pa zoika pansi zija, chifukwa ine mpomwe zinandivuta. Tsiku lina ndachita mulligan, ndakoka 7, ma land atatu ndi makadi anayi amphamvu. Mtima unakana kusiya khadi la mana 5 lija, ndiye ndinaika land pansi pa deki, ndikuti ina ibwera. Sinabwere. Khadi lija ndinafa nalo m'manja osalisewera. Ndiye mukamasankha, yambani mwapatula ma land atatu kumanzere, musawakhudze. Kenako yang'anani chomwe musewere pa turn yachiwiri ndi yachitatu. Chodula kwambiri ndi chomwe chipite pansi, olo chikhale chokongola bwanji. Ma land akakhala asanu, apo eya, imodzi ipite.

Mwamva? Land isapite pansi ngati muli ndi atatu okha. Ndikubwereza dala.

O, china, ku Commander, mtundu wina wa kaseweredwe ka Magic, mukakhala ambiri mulligan yoyamba ndi yaulere, mukoka 7 osaika kanthu pansi. Koma musabwere nazo pa gemu ya anthu awiri Loweruka, pamenepo khadi limodzi lipita pansi ndithu.