Makalata a Omvera: Ngongole ya Nyumba Ikalemera

Tabweranso omvera, kuyambira ku Nkhotakota kuno mpaka ku Salima. Kalata yoyamba yachokera ku Dwangwa, kwa mayi amene apempha kuti tisawatchule dzina.

"Achimwene, ine ndi amuna anga tinatenga ngongole ku banki yomalizira nyumba, chikole n'kukhala nyumba yomweyo. Yatsala K10 miliyoni, chiwongoladzanja 30 peresenti pachaka. Madzi osefukira a mu February 2024 anatiwonongera golosale, mpaka pano sitinadzuke. Tsopano bambo akunyumba ntchito yawathera. Mnzanga wa ku banki mkhonde akuti banki ikhoza kutiimitsira chiwongoladzanja miyezi ingapo. Kodi n'zoona? Ndiye kuti ndalamazo amakhululuka?"

Pepani mayi, mavuto akutsatanirani. Mnzanuyo sananame, zimachitika. Mu April 2020, nthawi ya Covid-19, Reserve Bank of Malawi ndi mabanki anagwirizana kuti amene mliri unawasokoneza apume miyezi itatu osalipira. Koma zija zinali za nthawi ya mliri. Lero zili kwa banki yanu ndi zomwe munasainirana.

Zokhululukazo ndiye ayi. Tengani cholembera tiwerengere limodzi. Pa K10 miliyoni, 30 peresenti ndi K3 miliyoni pachaka, ndiye kuti K250,000 pamwezi, chiwongoladzanja chokha. Akakupumitsani miyezi itatu, ndi K750,000 imeneyo. Banki siifufuta. Kawirikawiri imaisanjika pamwamba pa ngongole ija, n'kukhala K10,750,000, ndipo kuyambira pamenepo chiwongoladzanja cha pamwezi chimafika K268,750. Mwaona? Chiwongoladzanja nachonso chayamba kubereka, ngati mbuzi yobwereka yomwe ana ake onse ndi a mwini wake.

Ndiye kodi musapemphe? Ine ndikuti kapempheni, ngati pali chomwe mukudikira: ndalama za penshoni ya bambo, mpunga wa kilombero womwe mukolole, kapena ntchito ina yomwe awalonjeza. Ngati palibe, miyezi itatu itha ngati dzulo, ngongole itanenepa. Zikatero bola mupemphe kuti akuwonjezereni zaka zobwezera, ya pamwezi itsike, ngakhale kuti pamapeto mudzalipira zambiri.

Pitani sabata ino, musanaphonye mwezi. Nyamulani kalata ya kuntchito yosonyeza kuti ntchito yatha. Ndimadziwa momwe timachitira tikaona nambala ya ku banki pafoni: timaitembenuza pamkeka, izilira yokha. Musatero mayi. Mukaphonya osanena, dzina limapita kumabungwe osunga mbiri ya angongole, ndipo mawa ngakhale kangongole ka feteleza adzakukanizani. Za katapila musayerekeze n'komwe.

Kalata yachiwiri ndi yochokera ku Senga Bay, kwa bambo ogula usipa n'kumakagulitsa ku Lilongwe.

"Mwera utavuta ndinapita ku banki. Mnyamata wa pakauntala anati, 'Musadandaule bambo, miyezi iwiri musalipire.' Lero ndalandira kalata yoti ndili ndi ngongole yotsalira, ndi chindapusa pamwamba. Nditani?"

Bambo, mnyamatayo mwina ananena ndi mtima wabwino, koma kompyuta ya banki simva za pakauntala. Imadziwa zolembedwa basi. Lembani kalata yodandaula kwa manijala wa nthambiyo, mutchule tsiku lomwe munapita ndi zomwe anakuuzani. Mupite ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo mubwerere nayo. Akakhala chete kapena yankho lawo lisakukhutiritseni, kadandauleni ku Reserve Bank, kuli ofesi yomva madandaulo a makasitomala a mabanki. Pakadali pano lipirani kangachepe komwe mungathe, ndipo lisiti iliyonse muziisunga mu pulasitiki, kunyanjako chinyontho chimafufuta inki.

Mayi a ku Dwangwa, nanunso mwamva: akavomera, akulembereni miyezi ingati, ndi ndalama zomwe muzidzalipira ikatha. Mutilemberenso mukabwerako.